Kusambira chagada: zimene mpikisano wa ku Smethwick ukutiphunzitsa za ana athu aakazi aulumali

Lamulungu pa 31 Julayi 2022, anthu ambiri muno mu England maso anali pa Wembley, pomwe timu ya mpira ya amayi ya dziko lino inagonjetsa Germany 2–1 n'kutenga chikho cha mayiko a ku Ulaya. Usiku womwewo, kuno kwathu ku West Midlands, ku Sandwell Aquatics Centre m'tauni ya Smethwick, kunachitika mpikisano wina womwe sunathe ngakhale mphindi ziwiri. Unali wa amayi aulumali, wosambira chagada mtunda wa mamita 100, m'gulu lotchedwa S8, pa masewera a Commonwealth a Birmingham 2022. Alice Tai wa ku England anapambana pa mphindi imodzi ndi masekondi 13.64. Tupou Neiufi wa ku New Zealand anakhala wachiwiri, ndipo Lily Rice wa ku Wales anakhala wachitatu.

M'nkhani ino tifotokoza mmene masewera amenewa amayendera, tanthauzo la zilembo ndi manambala ngati S8, ndiponso chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife amene tinachoka ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete n'kudzalerera ana m'dziko lino. M'mabanja mwathu muli ana aakazi obadwa ndi mapazi opindika, ovutika kuona, achialubino, ofooka ziwalo za mbali imodzi, ndi ena ochedwa kugwira zinthu m'kalasi. Ambiri a iwo sanalowepo m'dziwe, chonsecho dziwe limene munachitikira mpikisanowu lili pafupi ndi nyumba zathu.

Amayi atatu amene analandira mendulo

Alice Tai anabadwa mu Januwale 1999 ku Poole, kum'mwera kwa England, mapazi ake onse awiri ali opindika. Asanakwanitse zaka 12 anali atachitidwa maopaleshoni 14. Anakula akuyendera ndodo, koma m'madzi ndodo zinalibe ntchito. Mu 2016 ku Rio de Janeiro anapata mendulo ya bulonzi posambira chagada, mu 2018 anapambana mpikisano wa chagada pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, ndipo mu 2019 ku London anatenga mendulo zagolide zisanu ndi ziwiri pa mpikisano wa dziko lonse. Masewera a Paralympics a ku Tokyo anamuphonya chifukwa chovulala chigongono. Phazi lake lamanja linkamupweteka kwambiri, moti mu Januwale 2022 madokotala anadula mwendowo m'munsi mwa bondo, iye mwini atasankha zimenezo. Pamene ankalowa m'dziwe la ku Smethwick n'kuti patangodutsa miyezi isanu ndi umodzi ndi masabata ochepa chichitikireni opaleshoniyo. Anasiya mnzake wachiwiri ndi masekondi opitirira anayi. Patapita zaka ziwiri, ku Paris mu 2024, anapambananso mpikisano womwewu pa masewera a Paralympics.

Tupou Neiufi ndi mwana wa banja lochokera ku zilumba za Tonga, ndipo anakulira kum'mwera kwa mzinda wa Auckland. Ali ndi zaka ziwiri anagundidwa ndi galimoto yomwe woyendetsa wake anathawa. Anavulala mu ubongo ndipo mbali yake yamanzere inafooka. Kusambira anakuyamba ngati njira yolimbitsira thupi. Ku Tokyo anatenga golide pa mpikisano wa chagada wa S8, choncho ku Smethwick anabwera ali katswiri wa Paralympics.

Lily Rice wa ku Pembrokeshire ali ndi nthenda yotengera ku makolo imene imaumitsa ndi kufooketsa miyendo. Asanadziwike ndi kusambira anali atatchuka kale ndi masewera odumpha ndi kugudubuka pa njinga ya olumala, otchedwa WCMX. Analandira mendulo yake ya bulonzi ali ndi zaka 18.

Onani kuti matupi a amayi atatuwa ndi osiyana kotheratu. Wina alibe mwendo umodzi, wina ndi wofooka mbali imodzi, wina miyendo yonse ndi youma. Nanga zikutheka bwanji kuti apikisane m'gulu limodzi, popanda wina kudandaula kuti waponderezedwa? Yankho lili m'kagawidwe ka magulu.

Tanthauzo la S8 ndi magulu ena

Bungwe la World Para Swimming ndi limene limayendetsa masewerawa pa dziko lonse. Limagawa osambira m'magulu 14. Kuyambira S1 mpaka S10 ndi a ulumali wa ziwalo: odulidwa mkono kapena mwendo, ovulala msana, a cerebral palsy, aafupi msinkhu mwachibadwa ndi ena otero. Nambala ikakhala yaing'ono, ndiye kuti ulumaliwo ukulepheretsa kwambiri kusambira. Wa S1 kapena S2 amagwiritsa ntchito pang'ono chabe manja ake, pamene wa S10 mwina ndi phazi limodzi lokha limene lili ndi vuto. Kuyambira S11 mpaka S13 ndi a vuto la maso: S11 ndi osaona kapena oona pang'ono kwambiri, S13 ndi amene amaonako ndithu koma mosakwanira. S14 ndi a ulumali wa kaganizidwe, amene amachedwa kuphunzira ndi kusunga zinthu m'mutu.

Chilembo S chimagwira ntchito pa masambiridwe atatu: chagada, freestyle ndi butterfly. Kusambira ngati chule, komwe pa Chingerezi amati breaststroke, kuli ndi chilembo chake SB, chifukwa kumadalira kwambiri miyendo. Mpikisano wophatikiza masambiridwe onse uli ndi SM. N'chifukwa chake mwana mmodzi angakhale ndi manambala atatu osiyana.

Chofunika kumvetsa n'chakuti gulu silitengera dzina la nthenda. Ogawa magulu, omwe amakhala wazachipatala ndi katswiri wa kusambira, amayamba kumuyeza munthu pa bedi: mphamvu za minofu, mmene mfundo zikupindikira, mmene ziwalo zikugwirizanirana, kapena kutalika kwa chiwalo chimene chatsala. Kenako amamuona m'madzi, akuyandama, akupalasa, akutembenuka pakhoma. Pomaliza amamuyang'anitsitsa pa mpikisano weniweni kuti aone ngati zimene anaonetsa poyezedwa zikufanana ndi zimene akuchita akafuna kupambana. Funso lawo ndi limodzi: kodi ulumaliwu ukuchotsa zochuluka bwanji pa mphamvu zosambira? Awiri amene akutaya zofanana amaikidwa pamodzi, ngakhale matupi awo asafanane.

Gulu limatha kusintha thupi likasintha, kapenanso malamulo oyezera akakonzedwa. Alice Tai anasambira mu S10 mu 2016, mu S9 mu 2018, ndipo mu 2019 anali mu S8. Kagawidweka kamautsa mikangano nthawi zina, chifukwa nambala imodzi yokha ikhoza kusiyanitsa wopata mendulo ndi wobwerera chimanjamanja. Kunamizira kuti ulumali ndi waukulu kuposa mmene ulili ndi mlandu, ndipo wopezeka akutero amaletsedwa kupikisana.

Ana osamva alibe gulu pa Paralympics. Iwo ali ndi masewera awoawo a Deaflympics, ngakhale kuti m'mipikisano ya muno mu Britain amawalandira m'gulu lotchedwa S15.

Malamulo a kusambira chagada

Pa masambiridwe onse a mpikisano, chagada ndi chokhacho chimene malamulo amafuna kuti aliyense ayambire m'madzi. Wosambira amayang'ana kukhoma, manja atagwira zogwirira, mapazi ataponda khomalo, ndipo chizindikiro chikalira amadzikankhira chakumbuyo. Akhoza kuyenda pansi pa madzi mpaka mamita 15 okha, kenako mutu uyenera kutulukira. Ayenera kukhala chagada mtunda wonse. Thupi limaloledwa kupendekera uku ndi uku, koma osafika pogona cham'mbali kwathunthu. Pokhota pakhoma amaloledwa kutembenukira chafufumimba kuti agudubuke, koma pochoka pakhomapo akhale ali chagada, ndipo pomaliza mpikisano akhudze khoma ali chagadabe. M'dziwe la mamita 50 ngati la ku Smethwick, mpikisano wa mamita 100 ndi kupita ndi kubwerera, kukhota kamodzi.

Vuto la wosambira chagada n'lakuti komwe akupita sakuona. Maso ali kudenga. N'chifukwa chake pamwamba pa dziwe pamakhala chingwe cha timbendera pa mtunda wa mamita 5 kuchokera kukhoma. Akadutsa pansi pa timbenderato amayamba kuwerenga kuti apalasa kangati asanafike. Wowerenga molakwa amadziwombetsa mutu kapena kutembenuka khoma lili patali.

Kwa aulumali malamulo ndi omwewa, koma pali zololeza zimene zimalembedwa pa dzina la wosambira aliyense malinga ndi thupi lake. Wa dzanja limodzi amagwira ndi limodzilo. Wosatha kugwira chogwirira amaloledwa lamba kapena chipangizo china, kapena womuthandiza amamugwira mpaka chizindikiro chilire, koma osamukankha. Amene alibe manja onse amaluma thaulo kapena chingwe chimene mphunzitsi wake wagwira, ndipo pomaliza amakhudza khoma ndi mutu. Umu ndi mmene amasambirira Lu Dong wa ku China, yemwe anataya mikono yonse ali mwana, koma anapambana mpikisano wa chagada ku London mu 2012 ndiponso ku Tokyo. Miyendo kapena mikono yochita kupanga siiloledwa m'madzi pa mpikisano. Munthu amasambira ndi thupi limene ali nalo.

A S11 amavala magalasi otsekedwa ndi utoto wakuda kuti woona pang'ono asapose wosaona n'komwe. Kumapeto onse a dziwe kumaima munthu ndi ndodo yaitali yokhala ndi nsonga yofewa, ndipo amamugogoda wosambirayo pamutu kapena paphewa kuti adziwe kuti khoma layandikira. Awiriwa amayeserera limodzi kwa nthawi yaitali, chifukwa kugogoda mochedwa ndi ngozi, kugogoda mofulumira ndi kutaya nthawi.

Pa Paralympics, magulu a S1 mpaka S5 amapikisana chagada pa mamita 50, pamene S6 kupita m'mwamba amapikisana pa mamita 100. A S1 ndi S2 alinso ndi mpikisano wa mamita 100. Yip Pin Xiu wa ku Singapore, wa gulu la S2, anapambana mitunda yonse iwiri ku Rio, ku Tokyo ndi ku Paris.

Chifukwa chake chagada chimayanja matupi ambiri

Pogona chagada nkhope imakhala kunja kwa madzi, choncho kupuma sikudikira kuti mutu utembenuzidwe. Mwana amene khosi kapena msana wake ndi wofooka, amene sangadzutse mutu mwachangu akagona chafufumimba, amapuma momasuka. Ichi n'chifukwa chake osambira ambiri a magulu a manambala aang'ono amasankha kugona chagada ngakhale pa mpikisano wa freestyle, pomwe munthu amaloledwa kusambira mmene akufunira. Madzi amanyamulanso gawo lalikulu la kulemera kwa thupi, kotero mfundo zimene zimapweteka poyenda zimapumula.

Koma zimenezi sizikutanthauza kuti n'zophweka. Kuti munthu athamange, chiuno chiyenera kukhala pamwamba, thupi litawongoka ngati bwato. Miyendo ikakhala yosagwira ntchito imamira n'kumakoka thupi, ndipo mimba ndi mapewa ndi zimene zimalipira. Wofooka mbali imodzi amapatukira ku chingwe chogawa njira, ngati bwato lopalasidwa mbali imodzi, ndipo amayenera kuphunzira kudziwongola pa kupalasa kulikonse. Wodulidwa mwendo amayenera kupeza poyandamira patsopano, ndi kudzikankha pakhoma ndi phazi limodzi osapotoka. Alice Tai anali ndi miyezi yochepa yophunzirira zonsezi.

Pali chifukwa china chimene sichikhudza mendulo. Bungwe lopulumutsa anthu pamadzi la RNLI limaphunzitsa kuti munthu akagwera m'madzi ozizira mwadzidzidzi, choyamba asalimbane nawo madziwo: agone chagada, makutu ali m'madzi, atambasule manja ndi miyendo, mpaka kupuma kukhazikike. Madzi a kuno amazizira ngakhale m'chilimwe, ndipo kuzizirako kumabanikitsa munthu asanayambe n'komwe kusambira. Birmingham ndi matauni oizungulira ndi odzaza ndi ngalande za mabwato ndi madamu, ndipo ana athu amadutsa m'mbali mwake popita kusukulu. Mwana amene anazolowera kugona chagada m'madzi ali ndi mwayi wodikira thandizo.

Mbiri imene inadutsa ku Nyasaland

Ambiri sitidziwa kuti mbiri ya masewerawa ili ndi phazi kwathu. Margaret Maughan, mayi wa ku Lancashire, anali mphunzitsi ku Nyasaland pamene anachita ngozi ya galimoto mu 1959. Anavulala msana ndipo miyendo inasiya kugwira ntchito. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Atagonekedwa m'chipatala kumeneko, anamutumiza ku chipatala cha Stoke Mandeville muno mu England, komwe dokotala Ludwig Guttmann ankagwiritsa ntchito masewera pochiza ovulala msana. Guttmann ndi amene anayambitsa masewera a Stoke Mandeville mu Julayi 1948, omwe anadzabala Paralympics.

Mu 1960 ku Rome kunachitika masewera oyamba a Paralympics. Margaret Maughan anapatsa Britain mendulo yake yoyamba yagolide, polasa mivi. Anatenganso golide wina posambira chagada mamita 50, ndipo pa mpikisano umenewo anali yekhayekha m'dziwe, popeza panalibe mayi wina wa gulu lake. Mu 2012 ndi iye amene anayatsa moto wotsegulira Paralympics ku London. Anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 91.

Pa masewera a Commonwealth, chaka chofunika ndi 2002 ku Manchester, pamene mendulo za aulumali zinayamba kuwerengedwa pamodzi ndi zina zonse pa mndandanda wa dziko. Kumeneko Natalie du Toit wa ku South Africa, yemwe anadulidwa mwendo wamanzere mu 2001 atagundidwa ndi galimoto, anapambana mipikisano iwiri ya aulumali n'kufikanso mu ndime yomaliza ya mamita 800 ya osambira opanda ulumali. Birmingham 2022 inapitiriza mwambowu: mendulo ya Alice Tai inawerengedwa chimodzimodzi ndi ya wina aliyense wa timu ya England, ndipo kwa nthawi yoyamba mipikisano ya amayi inachuluka kuposa ya abambo.

Dera lathu lino lili ndi akatswiri akeake. Ellie Simmonds, wa ku Walsall, wobadwa mu 1994 ndi ufupi wachibadwa, anayambira ku kalabu ya Boldmere ku Sutton Coldfield, ndipo anatenga mendulo ziwiri zagolide ku Beijing mu 2008 ali ndi zaka 13. Tully Kearney, amene anakulira ku Aldridge, anapata golide ku Tokyo ndi ku Paris m'gulu la S5.

Kwathu zinthu zikadali pachiyambi. Malawi inaonekera koyamba pa Paralympics mu 2016, kudzera mwa Taonere Banda, wothamanga wa vuto la maso. Maiwe a mpikisano ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mahotela ndi m'masukulu olipira. Koma Uganda inatumiza Husnah Kukundakwe ku Tokyo ali ndi zaka 14, ndipo anali wamng'ono kuposa onse amene anapikisana kumeneko. Mtsikana wa ku Africa kuno kwa ife akhoza kufika.

Zimene zimatibweza m'mbuyo

Kafukufuku wa Sport England, amene bungwe la Black Swimming Association linafalitsa litakhazikitsidwa mu 2020, anaonetsa kuti mu England akuluakulu akuda 95 mwa 100 alionse ndi ana akuda 80 mwa 100 alionse sasambira. Mmodzi mwa oyambitsa bungweli ndi Alice Dearing wa kuno ku West Midlands, amene mayi ake ndi ochokera ku Ghana, ndipo anali mkazi wakuda woyamba kusambirira Britain pa Olympics. Mwana wamkazi, wakuda, waulumali ali ndi mipanda itatu yoti adumphe, ndipo ina mwa mipandayo timamanga ndife makolo.

Mpanda woyamba ndi mantha. Ambiri tinakula tikuletsedwa kuyandikira madzi, ndipo panali zifukwa: ng'ona za mu Shire, likodzo, mitsinje yodzaza m'dzinja. Kupatula a kunyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, ochepa tinaphunzira kusambira, ndipo atsikana ankapita kumadzi kukatunga ndi kukachapa. Dziwe la kuno ndi lina: madzi ndi otenthetsedwa, kuya kwake n'kolembedwa, ndipo pali opulumutsa anthu amene maso awo sachoka pamadzi.

Mpanda wachiwiri ndi manyazi. Tikudziwa zimene zimanenedwa kumudzi mwana akabadwa ndi ulumali: kuti alodzedwa, kuti mayi ake analakwira mwambo, kuti wina anakhwimira chuma. Mawu amenewa amakwera nafe ndege. Mwana amabisidwa, kutchalitchi amakhala kumbuyo, pa zithunzi zotumiza kumudzi amaimikidwa moti phazi lisaoneke. Kusambira kumafuna kuti thupi lionekere, ndipo apa m'pamene makolo ambiri amabwerera. Koma mapazi opindika amabadwa nawo pafupifupi mwana mmodzi mwa 1,000 alionse, ku Poole ngati ku Mulanje, ndipo njira ya Ponseti yowongolera ndi pulasitala imene NHS imagwiritsa ntchito ndi yomwe akugwiritsanso ntchito ku chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Palibe mfiti m'nkhaniyi. Mwana amaphunzira kuchita manyazi ndi thupi lake poona nkhope za makolo ake.

Mpanda wachitatu ndi tsitsi ndi zovala. Mayi amene wakhala tsiku lonse akuluka mwana safuna kuti mankhwala a m'dziwe awononge ntchitoyo. Masiku ano kuli zipewa zosambirira zazikulu zokwana malukidwe athu. Chipewa cha Soul Cap chinakanidwa ndi bungwe la kusambira la dziko lonse mu 2021, anthu anadandaula, ndipo mu 2022 chinavomerezedwa pa mpikisano. Zovala zosambirira zofika m'mawondo kapena zobisa thupi lonse zimagulitsidwa, ndipo maiwe ambiri a mu Birmingham ali ndi nthawi za amayi ndi atsikana okhaokha.

Poyambira

Sukulu ndiye khomo loyamba. Maphunziro a boma mu England amafuna kuti mwana akamamaliza pulayimale, mu Year 6, azitha kusambira mamita 25, adziwe masambiridwe angapo kuphatikizapo chagada, ndiponso adziwe kudzipulumutsa. Mwana waulumali sayenera kutsala m'kalasi anzake akupita ku dziwe. Lamulo la Equality Act la 2010 limalamula masukulu ndi malo a masewera kusintha zimene zingasinthike kuti waulumali alowe nawo. Kalata ya kusambira ikabwera, tisainire, ndipo tifunse aphunzitsi kuti akonza zotani za mwana wathu. Ngati ali ndi chikalata cha EHCP, nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wounika chikalatacho. Maphunziro a kusukulu ya boma sali m'gulu la thandizo limene ziphaso zina zimaletsa, choncho pasakhale mantha a za viza.

Chachiwiri ndi dziwe la m'dera. Sandwell Aquatics Centre inatsegulidwa kwa anthu onse mu Julayi 2023, ndipo dziwe la mamita 50 limene anasambiramo Alice Tai pano mukusambira ana a ku Smethwick. University of Birmingham ilinso ndi dziwe la mamita 50. Ku Oldbury, Portway Lifestyle Centre ili ndi dziwe la madzi ofunda lothandiza ofooka ziwalo. Musanapite, imbani foni mufunse zinthu zitatu: ngati pali chipangizo chotsitsira munthu m'madzi, ngati pali chipinda chachikulu chosinthira zovala, ndiponso ngati womuperekeza mwanayo amalipira. Bungwe lachifundo la Level Water limathandiza ana aulumali kupeza mphunzitsi wawowawo m'maiwe ena. Mwana wa khunyu, wa vuto la mtima kapena amene wangochitidwa opaleshoni ayambe waonana ndi dokotala wake, ndipo opulumutsa anthu pa dziwe auzidwe.

Chachitatu, ngati mwanayo wakukonda, ndi kalabu. Bungwe la Swim England lili ndi ndondomeko yofufuza ana aulumali aluso, ndipo makalabu ambiri amaphunzitsa aulumali pamodzi ndi ena onse. Kuikidwa m'gulu kumabwera pambuyo, mwana akatha kusambira bwino ndipo akufuna kupikisana. Pamafunika makalata a kuchipatala, choncho tiziwasunga bwino, ngakhale amene tinabwera nawo kuchokera kwathu. A vuto la maso amathandizidwa ndi British Blind Sport, yomwe likulu lake lili ku Leamington Spa. Makolo a ana achialubino adziwe kuti vuto la maso limene ana ambiri otere ali nalo limatha kuwalowetsa m'magulu a S12 kapena S13 akayezedwa, ndipo dziwe la m'nyumba lilibe dzuwa lowotcha khungu.

Tinene zoona: njira ya mpikisano ndi yodula. Pali ndalama za kalabu mwezi ndi mwezi, zolowera mipikisano, maulendo, ndi kudzuka mbandakucha kukasiya mwana ku dziwe. Ambiri a ife timagwira ntchito zosamalira okalamba ndi za m'chipatala, usiku ndi kumapeto kwa sabata. Apa m'pamene magulu athu a mpingo ndi a anthu akwathu angagwire ntchito. Timasonkherana pa maliro ndi pa ukwati. Kusinthana kuperekeza mwana ku dziwe Loweruka m'mawa n'kochepa poyerekeza ndi zimenezo.

Kwa inu ana amene mukuwerenga ndi amayi kapena abambo: tsiku loyamba madzi adzalowa m'makutu ndi m'mphuno, ndipo mudzafuna kudzuka. Zimachitikira aliyense. Yang'anani kudenga, kankhirani mchombo m'mwamba, pumani pang'onopang'ono. Anthu ena adzayang'ana phazi lanu kapena mkono wanu. Asiyeni ayang'ane, inu muziwerenga timbendera. Si nonse amene mudzafike pa Paralympics, ndipo palibe amene akukukakamizani. Mamita 25 oyamba ndi anu, ndipo amene angakulandeni palibe.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ana athu akukulira kuno, koma tsiku lina tidzapita nawo ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ndipo asuweni awo adzathamangira m'madzi. Chisankho chakuti mwana wathu adzatsale pamchenga akulondera matumba, kapena adzalowe nawo, chikupangidwa panopa, pa kalata ya kusukulu imene ili m'chikwama chake.